Kodi 'debacle' ndi chilombo chanji?

Malume anga ndi munthu wosalola mawu achizungu kuwadutsa osawafunsa kwawo. Adaphunzitsa ku pulayimale zaka zambirimbiri, ndipo ngakhale adapuma ntchito kalekale, nyuzi ya Chingerezi amaiwerenga kuyambira tsamba loyamba mpaka kumasewero, ngakhale ikhale ya mwezi watha yomwe wina adakulungira usipa.

Tsiku lina nditapita kukawazonda ndidawapeza pakhonde, magalasi ali pamphuno, chala chili pamutu wa nkhani.

"Mphwanga, tabwera kuno. Iwe paja umalemba m'nyuzi. Chilombo ichi akuti dibakele, kaya dibeko, kaya debakulo, n'chiyani? Timu ikagonja akuti debacle. Chisankho chikasokonekera akuti debacle. Feteleza akachedwa akuti debacle. Chimakhala kuti chilombochi kuti chizidya paliponse chonchi?"

Ine ndidayankha msangamsanga ngati wodziwa zinthu. "Malume, kumeneko ndi kulephera kwadzidzidzi, kochititsa manyazi."

Adandiyang'ana pamwamba pa magalasi aja monga ankayang'anira ana a Sitandade 5. "Kwadzidzidzi eti? Nanga feteleza wochedwa chaka ndi chaka ali ndi dzidzidzi lanji?"

Ndidangoti kukamwa yasa. Nditabwerera kutauni ndidakavundukula mabuku otanthauzira mawu, ndipo zomwe ndidapezamo ndati ndigawaneko nanu, abale anga, chifukwa zikuoneka kuti malume adaona patali kuposa ine.

Tiyambe ndi katchulidwe, kuti tisamachite manyazi pagulu. Eni ake amati dibako, kukweza mawu pa "ba" pakatipo. Ena amati deibako. Zonse ziwiri n'zololedwa. Koma dibakele uja ayi, ameneyo ndi wathu wa m'minibasi.

Tanthauzo lomwe aliyense amalidziwa lero ndi lomwe ndidauza malume: chinthu chomwe chimaoneka cholimba, chokonzeka bwino, n'kugwa kamodzin'kamodzi anthu akuona, eni ake n'kusowa pobisa nkhope. Koma mabuku akuluakulu ali ndi matanthauzo enanso. Loyamba ndi kusweka kwa madzi oundana pamtsinje. Lachiwiri ndi chigumula chokokolola miyala ndi mitengo. Lachitatu ndi kubalalika kwa asilikali ogonja pankhondo, aliyense liwiro la mtondo wadooka. Kulephera kwa nduna ndi kwa timu ya mpira kudabwera pambuyo penipeni.

Mawuwa si Achingerezi ayi. Angerezi adachita kubwereka kwa Afalansa, ndipo monga mudziwa za obwereka, sadabwezenso. M'Chifalansa muli mawu akuti bâcle, kutanthauza mpiringidzo, mtengo kapena chitsulo chotsekera chitseko. Bâcler ndiye kupiringidza. Mukaika "dé" kutsogolo mwatembenuza ntchitoyo: débâcler ndi kuchotsa mpiringidzo. Basi. Chilombo chonse chija chomwe chikudya m'nyuzi zathu ndi mpiringidzo wochotsedwa pachitseko.

Akatswiri a mawu amati gwero lake lenileni ndi Chilatini, baculum, kutanthauza ndodo. Ndiye kuti dibako ndi pachibale ndi bacillus, dzina lomwe madokotala amatchulira tizilombo tooneka ngati tindodo, monga kachilombo ka chifuwa chachikulu komwe Robert Koch adakatulukira mu 1882. Banja la ndodoli silidabereke mwana wabwino, mwaona nokha.

Palinso kena kondiseketsa. M'Chifalansa cha lero bâcler ndi kugwira ntchito mothamanga, mongowaula, bola malipiro atuluke. Akontilakita omwe misewu yawo imakumbika mvula yoyamba, Afalansa adakupezerani kale dzina.

Tsono mpiringidzo ndi mtsinje zidakumana bwanji? Apa tiyende ulendo pang'ono, chifukwa kwathu kuno madzi oundana timawaona m'firiji ndi m'matalala basi. Kumaiko ozizira, nyengo yachisanu ikafika poipa, mtsinje wonse umauma pamwamba, gwa, ngati simenti, mpaka anthu kumayenda pamwamba pake. Koma pansi madzi amakhala akuyendabe. Dzuwa likayamba kubwerera, ayezi uja amayamba kudyeka cham'kati, pansi, pomwe diso silifika. Pamwamba pamaoneka bwinobwino. Kenaka tsiku lina kumamveka kulira ngati mfuti, ayezi yense n'kung'ambika, zibuma zazikulu ngati nyumba n'kuyamba kutsetsereka, kugunda milatho, kuphwanya maboti. Afalansa poona zimenezi adati mtsinje wachotsa mpiringidzo. Débâcle.

Zibuma zija zikaunjikana pamalo opapatiza n'kutsekanso mtsinje, amati embâcle. Ameneyu ndiye mkulu wake wa dibako, ndipo ndi amene amayamba kubadwa. Sungani mfundo imeneyi, tiifunanso kutsogoloku. Popanda kutseka palibe kusweka.

Anthu a ku Paris adaziona zimenezi mu Januwale 1880, mtsinje wa Seine utaundana m'chisanu choopsa cha kumapeto kwa 1879. Katswiri wojambula Claude Monet, yemwe panthawiyo ankakhala m'mudzi wa Vétheuil m'mbali mwa mtsinjewo, adajambula zithunzi zingapo za zibuma zoyandamazo, ndipo zina zimadziwika ndi dzina lomweli.

Koma nkhani yomwe idanditsegula maso ndi ya ku Switzerland, m'chigwa chotchedwa Val de Bagnes, mu 1818. Zaka za m'mbuyo mwake kudazizira modabwitsa, makamaka 1816, phiri la Tambora ku Indonesia litaphulika mu 1815 n'kudzaza fumbi mumlengalenga. Pamwamba pa chigwacho pali chiphiri cha ayezi chotchedwa Giétro. Zibuma zochokera kumeneko zidakhala zikugwera mumtsinje wa Dranse, pang'onopang'ono, chaka ndi chaka, mpaka zidamanga khoma. Kuseri kwa khomalo kudabadwa nyanja.

Mukudziwa chomwe chidawatsina khutu anthu a kumunsi? Sikuti madzi adachuluka ayi. Madzi adachepa. Nyengo yomwe mtsinje umayenera kudzaza, iwo udangoti zii, kuyenda ngati kamfuleni. Anthu ena adati apa pali kanthu, nakwera kumtunda kukaona. Adakapeza nyanja itaima pamwamba pa midzi yawo.

Boma la chigawocho lidatuma injiniya wake, Ignace Venetz. Iye ndi anyamata ake adagwira ntchito ya chifamtima pafupifupi mwezi wathunthu, kuboola ngalande m'khoma la ayezi lija kuti madzi azituluka pang'onopang'ono. Adakwanitsa kuchotsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a nyanjayo. Koma madzi otulukawo ankadyanso khomalo, ndipo pa 16 Juni 1818, chakumadzulo, lidagumuka. Pasadathe maola awiri chigumula chidali chitafika m'tauni ya Martigny, chitasesa nyumba, milatho ndi minda. Anthu oposa 30 adafa. Mpaka lero ngoziyo amaitcha débâcle ya Giétro.

Taonani bwino. Kwa munthu yemwe adali pakhomo pake tsiku limenelo, chigumulacho chidali chadzidzidzi. Koma khoma lija lidamangika zaka. Ndipo akadapanda anthu aja odabwa ndi kuchepa kwa madzi, akadapanda Venetz ndi ngalande yake, maliro akadakhala ochuluka kuposa pamenepo.

M'Chingerezi mawuwa adalowa cha m'ma 1800 koyambirira, kudzera mwa akatswiri ophunzira za miyala ndi nthaka. Iwo ankadabwa kuona miyala ikuluikulu itakhala pamalo pomwe si kwawo, ndipo ena ankati idakokoloka ndi chigumula champhamvu, debacle. Patapita zaka makumi angapo ndi pomwe olemba mabuku adayamba kuwagwiritsa ntchito ponena za kugwa kwa anthu, mabanja ndi maboma.

Nditafika pamenepa ndidaomba m'manja ndekhandekha. Chigumula chochokera kuphiri, chonyamula miyala ndi mitengo, chosesa midzi? Abale, ameneyu si napolo? Ife ayezi tilibe, koma chilombochi timachidziwa. Achikulire a ku Zomba amasimba za mu Disembala 1946. A ku Phalombe sadzaiwala Malichi 1991, pomwe phiri la Michesi lidasanza matope ndi miyala n'kupha anthu mazanamazana. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adachita zomwezo ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche, ndi m'maboma ena a kumwera. Makolo ankati ndi chinjoka chomwe chimakhala pansi pa phiri, chikafuna kusamukira kunyanja chimadzilambulira njira. Asayansi amati ndi nthaka yomwe yamwa madzi masiku ambiri mpaka yalephera kudzigwira. Onse awiri akugwirizana pa chinthu chimodzi: chilombocho chimakhala chilipo kale pansipo, ife tikugona.

Tsono chidachitika n'chiyani kuti mawu a mtsinje akhale mawu a manyazi? Apa ndi nkhondo. Pa 19 Julayi 1870 dziko la France, pansi pa mfumu Napoleon III, lidalengeza nkhondo ndi Prussia, ufumu waukulu wa Ajeremani. Ku Paris anthu ankavina m'misewu, ati tikadya nkhomaliro ku Berlin. Pamwamba ayezi adali gwa. Koma pansi zinthu zidali zitawola. Asilikali oitanidwa kumidzi ankazungulira dziko kufunafuna magulu awo. Zakudya ndi zida zinkaunjikana m'masiteshoni a sitima popanda wozigawa. Mbiri imati akuluakulu ena a nkhondo adapatsidwa mapu a Germany, a dziko lawo lomwe alibe, chifukwa palibe ankaganiza kuti nkhondo idzamenyedwera pakhomo. Anzawo a ku Prussia adali atawerengera kale sitima iliyonse ndi njanji iliyonse.

Pasadathe milungu isanu ndi iwiri, pa 2 Sepitembala 1870, mfumuyo idakweza manja ku Sedan pamodzi ndi asilikali oposa 80,000. Pa 4 Sepitembala ufumu wake udatha. France idalandidwa Alsace ndi mbali ya Lorraine, n'kulipitsidwanso mafranki 5 biliyoni. Mu 1892 mlembi Émile Zola adatulutsa buku lonena za nkhondoyi, dzina lake La Débâcle, ndipo lidagulidwa ngati zitumbuwa. Kuyambira pamenepo mawuwa adakakamira pa kugonja kochititsa manyazi. Mu 1940, France itagwanso m'manja mwa Ajeremani m'milungu isanu ndi umodzi yokha, Afalansa sadavutike kufuna dzina lina.

Wina afunsa kuti nanga fiasco, yemwenso amakonda kutuluka m'nyuzi zathu, ndi yemweyu? Ndi apansi pamtima koma si amodzi. Fiasco ndi wa Chitaliyana, kutanthauza botolo, ndipo adachokera m'nyumba za zisudzo: woimba kapena wochita sewero akalakwitsa anthu n'kumukuwiza, ankati wapanga botolo. Ndiye ine ndimasiyanitsa chonchi. Mkwati akafika kutchalitchi mphete ataiwala kunyumba, imeneyo ndi fiyasiko, tidzaseka pa chinkhoswe cha ana ake. Koma dibako saseketsa. Dibako amakokolola ndi anthu osalakwa omwe adamanga kumunsi.

Tibwere kwathu tsopano, chifukwa funso la malume likadali chiimire.

Ife tili ndi miyambi iwiri yomwe akuluakulu olephera amaikonda kwabasi. Wina umati tsoka silinunkha. Wina umati chakudza sichiimba ng'oma. Ndi miyambi yabwino, ndipo pamaliro a munthu woombedwa ndi mphezi ndi yoona. Koma yasanduka bulangete lofunda anthu omwe adauzidwa, adachenjezedwa, adalemberedwa malipoti, iwo n'kukhalira malipotiwo. Zinthu zikagwa mudzawamva pawailesi: "Zatidzidzimutsa tonse." Tonse ndani, bwana?

Kumbukirani njala ya 2002. Chimanga cha m'nkhokwe za boma, chomwe chimasungidwira tsiku loipa, chidagulitsidwa pafupifupi chonse m'zaka za 2000 ndi 2001. Zokolola za 2001 sizidachite bwino. Chaka chisadathe, mabungwe ndi atsogoleri a mipingo adali atayamba kale kukuwa kuti kumidzi kwaipa. Mtengo wa chimanga udakwera kangapo, anthu n'kumadya madeya, mizu ndi zitsa za nthochi. Boma lidadzalengeza kuti dziko lili pangozi mu Febuluwale 2002, anthu atayamba kale kuikidwa m'manda. Pambuyo pake kudali kulozana zala. A boma ati adatilangiza ndi a IMF. A IMF ati ife tidati mugulitseko pang'ono chabe. Kaya wonama ndani, mfundo yanga ndi iyi: njalayo idaimba ng'oma, ndipo idaimba miyezi. Osamva ndi omwe adali ndi makiyi a nkhokwe.

Koma tisangoloza a m'maofesi, ngati kuti ife ndife angelo. Mlongo wanga adali m'gulu lina la banki m'khonde. Amayi makumi awiri, sabata ndi sabata kuponya kangachepe, kudikira Disembala kuti agawane agule feteleza. Tsiku logawana litafika, bokosi lidapezeka lili ndi makobidi osakwana kugula ndi thumba limodzi lomwe. Kudali kulira, kukomoka, ena mpaka maukwati kugwedezeka. Aliyense ankati zachitika mwadzidzidzi.

Nditamufunsa bwino mlongo wangayo, nkhani idayamba kutuluka. Kuyambira mwezi wa Meyi msungichuma ankabwera kumsonkhano buku ataliiwala. Makiyi atatu a bokosi, omwe amayenera kukhala ndi anthu atatu, onse adali atasonkhana m'chikwama chimodzi, ati pofuna kuchepetsa chintchito. Ofuna ngongole ankauzidwa kuti adikire sabata ya mawa. Chakumapeto kwa dzinja nyumba ya msungichuma idavala malata atsopano.

"Nanga inu simunafunse bwanji, achemwali?"

"Aaa, achimwene, munthu wake ndi wa mumpingo mwathu. Tikanayamba bwanji? Ukafunsa amati ndiwe wansanje."

Mwaona? Mtsinje udachepa madzi kuyambira Meyi, koma padalibe wokwera kumtunda kukaona. Mbewa ya manyazi idafera kuuna.

Ichi ndicho chomwe mawu aja akutiphunzitsa tikawafunsa kwawo. Dzidzidzi la dibako lili m'maso mwa woonera basi. Mpiringidzo umachoka tsiku limodzi, inde, koma madzi amakhala ataunjikana kuseri kwa chitseko nthawi yaitali. Ndipo chizindikiro chake nthawi zambiri si phokoso ayi, ndi bata. Lipoti lomwe limatuluka chaka ndi chaka likasiya kutuluka. Msonkhano wa makolo pasukulu ukamangosunthidwa. Malipiro akayamba kuchedwa masiku atatu, kenaka sabata, abwana n'kumati ndi vuto la makompyuta. Wofunsa mafunso akasamutsidwira kutali. Pamenepo, abale anga, musadikire kulira kwa mfuti. Kwerani kumtunda mukaone chomwe chatseka mtsinje.

Ndisatseke ngati mlaliki wa tsoka. Kumaiko a ayezi kuja, dibako ndi woopsa koma ndi amenenso amatsegula mtsinje kuti maboti ayambenso kuyenda. M'Chifalansa chakale débâcler ankatanthauzanso kuchotsa zombo zopanda katundu padoko kuti zodzaza zipeze poima. Ifenso tidaziona. Zaka pafupifupi 30 dziko lino lidali gwa pamwamba, aliyense kuomba m'manja, khadi m'thumba, pakamwa chotseka. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika idawerengedwa m'matchalitchi, ayezi n'kulira. Pa 14 Juni 1993, pa riferendamu, anthu pafupifupi awiri mwa atatu alionse adasankha nyali kusiya tambala wakuda. Pa 17 Meyi 1994 tidavota m'chisankho cha matipate. Kwa omwe adali pamwamba, ameneyo adali dibako wadzidzidzi. Kwa omwe adali pansi, amayi omwe amuna awo adasowa, ana omwe adakulira kunja, padalibe chadzidzidzi chilichonse. Madzi saiwala khwawa. Ndipo phunziro limeneli silidathere pa chipani chimodzi ayi. Aliyense wokhala pampando n'kumatseka pakamwa pa anthu akumanga khoma la Giétro pamwamba pa nyumba yake yomwe.

Nditabwereranso kumudzi ndidawafotokozera malume zonsezi, kuyambira mpiringidzo mpaka Sedan. Adamvetsera mwachifatse, akupukuta magalasi ndi nsonga ya malaya.

"Ndiye ukuti chilombochi chimayamba chakhala phee?"

"Eya, malume."

"Ndipo ochenjera amakachiboolera ngalande chisanakule?"

"Ndi momwemo."

Adagwedeza mutu. "Basi ndamva. Dibako ndi napolo wovala tayi." Kenaka adaloza denga la khitchini yawo, pomwe mtanda umodzi udali utayamba kuwerama, chiswe chitaumanga dothi mbali yonse. "Nanga uyu wakhala akundiyang'ana chaka chonseyu, timutcha ndani? Mawa usanakwere basi, ukandidulire mtengo."

Ndidakadula, ndipo matuza ake ndikadali nawo m'manja. Inunso musanagone lero, tayang'anani kudenga kwanu. Tikumane sabata ya mawa, ngati mtanda sutigwera.